Tinsomba ta M'minda ya Mpunga ku Makhanga

Achikumbi anzathu, masiku onse m'masamba ano timakamba za chimanga, za fodya, za manyowa ndi za mizere yoteteza nthaka. Mwezi uno tikupemphani kuti mutilole tipatuke pang'ono, titsikire kuchigwa cha Shire, ku Makhanga, m'dziko la Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, kuti tikaone tinsomba tina tating'ono timene munthu sangakhute nato ngakhale atakazinga mbale yodzaza. Kapena wina adzati, "Kodi alangizi asowa chonena, kuti ayambe kutiuza za tinsomba tosewera nato ana?" Werengani ndithu kufikira kumapeto, pakuti tinsomba timeneti tili ndi ntchito yake pafupi ndi munda wanu, ndipo ambiri a ife timatipha osadziwa kuti tapha kanthu.

Makhanga ndi dziko lathyathyathya, lotentha, lokhala pafupi ndi Chiromo pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Kumtunda kwake kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, kumene David Livingstone anaona njovu zambirimbiri m'chaka cha 1859. Kumeneko mwini dziko ndi madzi. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake nadutsa m'midzi, kotero kuti Makhanga anasanduka chilumba, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabweretsanso tsoka lomwelo. Komanso madzi omwewo ndiwo amadyetsa anthu: mpunga wa ku Muona, chimanga ndi mbatata za m'madimba madzi akaphwa, mphende ndi milamba za m'dambo. Ndipo pamene pali madzi ofunda okhala phee, pomwepo pali udzudzu ndi malungo.

Tsiku lina mwezi wa Febuluwale tinali kuyendera minda kumeneko, ndipo tinapeza anyamata atatu ali m'thamanda ndi dengu lakale. Thamandalo tinali kulidziwa bwino. Lili kutali ndi mtsinje, palibe ngalande yolowamo, ndipo mu Okutobala tinapondapo pali pouma, dothi litang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Koma m'dengu muja munali tinsomba tamoyo, tina tofiira mawangamawanga, tokongola kopambana. Mkulu wina amene tinali naye anati, "Alangizi, zimenezi zimagwa ndi mvula." Sitinamseke ayi, pakuti zimene maso ake anaona zinali zoona: panali pouma, mvula inagwa, nsomba zinaoneka. Chimene chinatsala ndicho kudziwa kumene zinali kukhala miyezi yonse ya chilimwe, ndipo tifikako posachedwa.

Nsomba ya mpunga ya ku Asia

Tiyambe ndi kutali. Ku maiko a kum'mawa kumene mpunga ndiwo chakudya cha tsiku ndi tsiku, kuyambira ku India kufikira ku Japan ndi ku zilumba za Indonesia, kuli kansomba kamene anthu a sayansi anakatcha Oryzias, dzina lochokera ku liwu la Oryza, ndilo mpunga. Mitundu yake ipitirira 30, ndipo wodziwika koposa ndi wa ku Japan umene eni ake amati medaka. Kutalika kwake ndi inchi imodzi ndi theka. Kamasambira pamwamba pa madzi m'minda ya mpunga ndi m'ngalande, kali ndi maso akulu ndi kamwa loyang'ana kumwamba. Kuswana kwake nkodabwitsa: m'nyengo yofunda kakakazi kamaikira mazira mbandakucha tsiku ndi tsiku, mazirawo nkumalendewera pamimba pake ngati kaphava kwa maola angapo, kenaka kamawapukutira pa udzu wa m'madzi, ndipo amaswa patapita masiku ngati khumi. M'chaka cha 1994 tinsomba tinayi totere tinakwezedwa m'chombo cha mumlengalenga chotchedwa Columbia, ndipo tinaikira mazira ndi kuswa ana komweko kumwamba.

Kansomba kameneka kuno kwathu kulibe. Koma m'malo mwake tili ndi mitundu iwiri yathuyathu imene imakhala moyo wofanana nako, nigwira ntchito yomweyo. Anthu ambiri akaiona m'dengu amangoti matemba, koma si matemba ayi.

Ka diso lowala

Mtundu woyamba Angelezi amautcha lampeye, ndiko kunena diso la nyali, ndipo ife m'nkhani ino tizingoti ka diso lowala. Mukaima chete m'mbali mwa ngalande dzuwa lili pamutu, mudzaona timadontho towala mobiriwira tikuyenda m'gulu pansi penipeni pa nkhope ya madzi. Amenewo ndi maso ake. Thupi lake nlopyapyala, looneka mbee ngati madzi omwewo, ndipo silipitirira mainchi awiri.

Pofuna kukasiyanitsa ndi matemba, kaikeni m'botolo loyera ndi kuyang'ana zinthu izi. Mchira wa temba ndi wa mphanda, koma wa ka diso lowala ndi wobulungira. Chipsepse cha pamsana cha temba chili pakati pa thupi, koma cha kameneka chili kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mchira. Matemba ambiri ali ndi tindevu kukamwa. Aka kalibe, ndipo pamutu pake mpaphwatalala, kamwa lake nloyang'ana kumwamba, pakuti chakudya chake chonse kamachitola pamwamba pa madzi. Mtundu umodzi wa tinsombati unatengedwa ku Fort Johnston, kumene lero tikuti ku Mangochi, ndipo Albert Günther wa ku London anaulemba m'mabuku m'chaka cha 1894, nautcha dzina la Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa dziko lino. M'madambo a kumunsi kwa Shire muli mbale wake amene ali ndi mzere wakuda wokhotakhota kuyambira kumutu kufikira kumchira.

Malo ake ndi madzi osaya, oyenda pang'onopang'ono kapena oima, okhala ndi udzu, bango kapena masamba a nyika, kumene kangabisale pothawa mbalame ndi nsomba zazikulu. Pakati pa mtsinje poyera simudzakapeza. Madzi akasefukira kamalowa m'minda ya mpunga kudzera m'ngalande, ndipo akayamba kuphwa kayenera kubwerera kudambo, chifukwa sikangakhale popanda madzi ngakhale tsiku limodzi. Kakakazi kamaikira mazira pang'onopang'ono, ochepa lero ochepa mawa, ndipo dzira lililonse lili ndi tiulusi tomatirira ku udzu wa m'madzi. Makolo sasamala mazirawo. Amaswa okha patapita masabata awiri kapena kupitirirapo pang'ono. Chifukwa chake munthu amene apalira ngalande yonse kuti mbee tsiku limodzi, osasiyako kachigawo ka udzu, wataya mazira onse pamtunda pamodzi ndi zinyalala.

Nsomba yogwa ndi mvula

Tsono tibwerere ku thamanda lija. Tinsomba timene anyamata aja anagwira ndi ta mtundu wotchedwa Nothobranchius. Wa kuchigwa cha Shire analembedwa koyamba m'chaka cha 1844 ndi Mjeremani wina, Wilhelm Peters, amene anaupeza ku Quelimane m'dziko la Mozambique, ndipo umapezeka m'zidikha za dziko limenelo kukwera ndi Zambezi kufikira kuno kwathu. Inu a kumtunda musaganize kuti nkhaniyi ndi ya a ku Nsanje okha. Mbale wake wina amakhala m'zithaphwi zozungulira nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndipo analembedwa m'chaka cha 1969. Wina amakhala m'zidikha za m'mbali mwa Nyanja ya Malawi cha ku Salima, ndipo anapatsidwa dzina lakelake m'chaka cha 2013.

Maonekedwe ake ngosiyana ndi a ka diso lowala. Thupi lake nlonenepa, mutu waukulu, ndipo yaikulu ingafike mainchi anayi, ngakhale zambiri zimachepera pamenepo. Zipsepse ziwiri zazikulu, china pamsana china kumimba, zili moyang'anizana cha kumbuyo, ndipo mchira wake ngobulungira. Yamphongo ndiyo yovala bwino, ya mawanga ofiira pathupi ndi pazipsepse. Yaikazi njotuwa, yosakopa maso, kotero kuti munthu angaganize kuti ndi nsomba ziwiri zosiyana. Zamphongo nzaukali. Mukaika ziwiri m'botolo limodzi zidzamenyana kufikira imodzi itang'ambika zipsepse.

Nsomba imeneyi moyo wake wonse umatha m'dzinja limodzi. Mvula ikadzaza thamanda, tiana timaswa, tidya mwadyera usana wonse, ndipo patangopita masabata owerengeka tayamba kale kuswana. Mbale wake wa ku Gonarezhou m'dziko la Zimbabwe ndi mbali zoyandikana za Mozambique anapezeka kuti angakhwime m'masabata awiri okha, ndipo palibe nyama ina ya fupa la msana yodziwika kuti imakula msanga chotero. Pakuti imakalambanso msanga, anthu a sayansi ku Ulaya ndi ku America amaiweta m'nyumba zawo zofufuzira kuti aphunzirepo za ukalamba wa munthu.

Poswana, yamphongo imafungatira yaikazi ndi zipsepse zake zazikulu zija, niikanikizira pansi, ndipo yaikazi imasiya dzira limodzi m'matope. Zimasuntha pang'ono, nkuchitanso chimodzimodzi, tsiku ndi tsiku kufikira madzi atatha. Dziralo nlalikulu kuposa njere ya fodya, nlofanana ndi njere ya mawere, ndipo lili ndi chikhungwa cholimba. Pofika Meyi kapena Juni thamanda limayamba kuphwa, akakowa ndi mbalame zina amadya makolo onse, otsala amafera m'matope, ndipo sipatsala nsomba ndi imodzi yomwe. Koma mazira ali pansi. Kamwana kamene kali m'kati mwa dzira kamakula pang'ono, kenaka nkuleka, nkugona tulo miyezi yonse ya chilimwe, monga momwe mbewu imagonera m'nkhokwe. Inu a kuchigwa mukudziwa dowe, amene amadzikwirira m'matope ndi kudikira mvula. Kusiyana kwake nkwakuti dowe amadzisunga yekha, pamene kansomba aka kamafa, nkusunga mbewu yake.

Pali zinthu ziwiri pano zimene mchikumbi aliyense adzazimvetsa msanga. Choyamba, si dothi lililonse lingasunge mazirawa. Pafunika dothi lakuda lomata, longa makande, limene limauma ndi kung'ambika pamwamba koma m'kati mwake mumatsala kachinyezi. Pamchenga mazira amapserera. Ndicho chifukwa chake thamanda lina limakhala ndi nsombazi chaka ndi chaka, pamene lina lapafupi lomwe lilibe. Chachiwiri, mazira onse saswa nthawi imodzi. Ena amafulumira, ena amachedwa, kotero kuti mvula yoyamba ikanyenga, thamanda nkuumanso patapita sabata, mtundu sutha. Ife timawauza achikumbi chaka ndi chaka kuti asathire mbewu yonse m'nthaka chifukwa cha chizimalupsa, koma ambiri samva. Kansomba aka sikanapite kusukulu, koma sikalakwa pamenepa.

Ntchito yake

Mitundu iwiri yonseyi imadya tizilombo ta m'madzi, ndipo pakati pa timeneto pali mphutsi za udzudzu. Udzudzu umaikira mazira pamadzi, ndipo kukatentha monga kumatenthera ku Makhanga, pamangopita masiku ngati khumi kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Mphutsi za udzudzu wa malungo, wotchedwa Anopheles, zimagona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi, pomwe pamasambira ka diso lowala ndi kamwa lake loyang'ana kumwamba. Nayo nsomba yogwa ndi mvula imaswa m'thamanda masiku omwewo amene udzudzu wayamba kuikiramo, m'madzi amene nsomba za mumtsinje sizingafikemo. Kale m'chaka cha 1941, F. L. Vanderplank analemba ku Tanganyika kuti nsomba za mtundu umenewu zingathandize polimbana ndi udzudzu.

Koma tisakunamizeni. Tinsombati sitingathetse malungo m'mudzi. Udzudzu wa malungo umakonda kwambiri timadzi tating'ono towombedwa ndi dzuwa, monga m'mapazi a ng'ombe, m'mikwasa ya ngolo ndi m'maenje oumbira njerwa, mmene nsomba simukhala. Timadzi totero ta pafupi ndi nyumba tikwirireni. Gonani m'masikito usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimene tikunena nchakuti m'ngalande, m'munda wa mpunga ndi m'thamanda lalikulu, limene simungathe kulikwirira, muli wantchito amene salipidwa, ndipo kumchotsa nkupatsa udzudzu malo aulere.

Maiko ambiri anaitanitsa nsomba ya ku America yotchedwa Gambusia kuti idye udzudzu, ndipo m'malo ambiri inasanduka chilombo, nkumadya mazira ndi ana a nsomba za eni dziko. Ife sitifunika kuitanitsa kanthu.

M'mene timatiphera

Ku Japan medaka anali wochuluka kotero kuti mwana aliyense anali kumdziwa, ndipo panalibe woganiza kuti angasowe. Koma ngalande za dothi zitasanduka za simenti, minda nkumaumitsidwa kotheratu, mankhwala ophera tizilombo nkuchuluka, Gambusia nayenso nkufalikira, kansombako kanayamba kuchepa, ndipo m'chaka cha 1999 boma la dzikolo linakalemba m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutha. Zina mwa zinthu zimenezi zafika kale kwathu kuno.

Choyamba ndi mankhwala, ndipo apa tikulankhula ndi inu alimi a fodya, pamodzi ndi a thonje a kuchigwa. Nazale ya fodya imaikidwa pafupi ndi dambo chifukwa cha madzi othirira, ndipo pomwepo mpamene munthu amasungunulira mankhwala. Taona ndi maso athu mlimi atamaliza kupopera, nkutsikira kumtsinje, nkumiza mpope wake wonse m'madzi, nkuutsuka, nkukhuthulira zotsukazo momwemo. M'mawa mwake tinsomba tinali mbuu m'mbali mwa dziwe, mimba zili kumwamba. Mankhwala ambiri ophera mbozi ndi nsabwe za m'mbewu ngaululu kwambiri kwa nsomba; muyeso umene sungagwetse nkhuku ungathe kupha dziwe lathunthu. Ndipo udzudzu umabwerera msanga, chifukwa uli ndi mapiko, pamene nsomba za m'thamanda lopanda ngalande zilibe njira yobwererera. Mukazipha zisanaikire mazira okwanira, thamandalo latha.

Tsono tungani madzi ndi ndowa yapadera imene sikhudza mankhwala, ndipo mukasungunulire kumtunda, kutali ndi madzi. Botolo likatha, litsukeni katatu, zotsukazo muthire mumpope ndi kuzipopera m'munda, kenaka mulibowole kuti wina asadzatungire madzi akumwa. Mpope mutsukire kumunda komweko. Musapopere kukuwomba mphepo yolunjika kudambo, kapena mvula ili pafupi kugwa.

Chachiwiri ndi masikito. Kukokera nsomba ndi masikito a udzudzu nkoletsedwa ndi malamulo a za usodzi, koma aliyense woyenda m'mbali mwa Shire wawaona atayanikidwa pa bango. Tikudziwa chimene chimachititsa: madzi akakokolola munda, ndiwo zimasowa, ndipo mayi sangayang'ane ana ake akudya nsima yosusula pamene dambo lili pakhomo. Sitikunyoza munthu wotero. Komabe maso a masikito ngang'ono kotero kuti satulutsa kanthu; amakokolola ana a mphende ndi a milamba amene akanadzaza mono chaka chamawa, pamodzi ndi tinsomba todya udzudzu, ndipo usiku womwewo banja limagona poyera. Katupe naye ngoipa chimodzimodzi, pakuti sasankha.

Chachitatu ndi khasu. Mazira a nsomba yogwa ndi mvula ali m'dothi lapamwamba la thamanda louma. Munthu akakumba pamenepo dothi la njerwa, kapena akatchera ngalande kuti madzi asaimenso, wachotsa nkhokwe yonse. Sitikuti musalime m'madimba ayi. Tikuti pamene mudziwa kuti pamatuluka tinsomba tofiira chaka ndi chaka, siyani pakati pake pakuya posakhudza, ndipo nyakwawa adziwe za malowo kuti oumba njerwa awalozere kwina.

Inu a mpunga mungachite chinthu china chosavuta. Pangodya yotsika ya munda kumbani dzenje la yadi imodzi m'lifupi ndi mapazi awiri kuya kwake, lolumikizana ndi ngalande. Pochotsa madzi m'munda tinsomba timathawira mmenemo m'malo mofera pakati pa mapesi, ndipo madzi akabwerera timabalalikanso. Popalira ngalande, palirani chigawo china sabata ino, china sabata yamawa.

Kwa aphunzitsi ndi ana a sukulu

Amene akukayikabe za mazira a m'dothi angayese yekha. Mu Novembala, mvula isanagwe, pitani pa thamanda louma limene munaonamo tinsomba tofiira dzinja lapitalo, ndipo mupale dothi lapamwamba lodzaza manja awiri, osapitirira pamenepo. Liikeni m'beseni loyera limene silinakhudzepo sopo kapena mankhwala, muthiremo madzi a mvula ofika mainchi atatu, ndipo muliike pamthunzi. Ngati munapala pamene pali mazira okhwima, pofika mawa lake mudzaona tiana tating'ono ngati nsonga ya singano tikusambira pafupi ndi pansi. Ngati simuona kanthu, lolani dothilo liume, mulisunge masabata atatu, muthirenso madzi.

Kuti ana aone kadyedwe kake, gwirani kansomba kamodzi kokulirapo, ka mtundu uliwonse mwa iwiriyi, mukaike m'botolo lalikulu, muponyemo mphutsi za udzudzu 20 zowerenga bwino, mutseke kukamwa kwa botolo ndi kansalu, ndipo muwerengenso pakutha pa maphunziro. Pogwira tinsombati ana aime pamtunda ndi kutunga ndi dengu lomangirira kumtengo, asalowe m'madzi oima, chifukwa cha likodzo, ndiponso m'mbali mwa Shire ndi m'dambo lalikulu muli ng'ona. Mukatha kuona, bwezerani nsomba ndi dothi lomwe m'thamanda limene munazitenga, osati m'lina.